Fodya wa Pachala ndi Mphepo za ku Joni

Pa miyambi yonse imene makolo anasiya, ulipo umodzi umene ukuoneka kuti unabadwira kumalo a mphepo ngati mapiri a Dedza, ndipo umati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Fodya wotchulidwa m'mwambiwu ndi wopera uja amene nkhalamba zimatsina ndi zala ziwiri zisanamufwenkhe, ndipo chimene akuluakulu anaona n'chakuti ulendo wochoka pachala kukafika pamphuno, ngakhale uli waufupi kuposa maulendo onse, umathera panjira nthawi zambiri. Tawuni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya kumeneko siyang'ana imvi za munthu, moti gogo wa ku Bembeke amadziwa kuyambira kale kuti kutsina fodya ndi nkhani ina, kuyetsemula naye ndi nkhani inanso.

Masiku ano mwambiwu wapeza ntchito yatsopano pakati pa anyamata ndi atsikana opita kukasaka ganyu ku Joni, dzina limene poyamba linkaimira mzinda wa Johannesburg koma tsopano limaphimba South Africa yense, kotero kuti wotsuka mbale ku Cape Town ndi wosoka zovala ku Durban onse amawerengedwa kuti ali ku Joni. Anthu a ku Dedza sasowa wowalozera njira, chifukwa chipata cha dziko chili pakhomo pawo penipeni, ndipo mabasi ochokera ku Lilongwe amatulukira pomwepo kulowa mu Mozambique pa Calomue, n'kudutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mpaka kukatula anthu pa Park Station patatha masiku ngati awiri. Mnyamata wolima mbatata ya kachewere amene amaona mabasi omwewa akubwerera akukoka ngolo zodzaza mafiriji, matiresi ndi njinga sachedwa kukhulupirira kuti kumene zinthuzi zikuchokera ndalama zimachita kuyoledwa.

Chikhulupiriro chimenechi chimalimbikitsidwa ndi masamu ochulukitsa, omwe ndi nthambi yokhayo ya masamu imene mudzi wonse umakhoza popanda mphunzitsi. Kuyambira mu Malichi 2024 lamulo la ku South Africa linkati wantchito asalandire zochepera R27.58 pa ola, kutanthauza ndalama zoyandikira R5,400 pamwezi kwa munthu wogwira maola 45 pa sabata, ndipo zikasinthidwa pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho zinkakwana pafupifupi K500,000, pamene malipiro otsikitsitsa a ku Malawi anali K90,000. Nambala yotereyi ikangomveka pabawo kapena pachigayo, achibale amayamba kuigawa, uyu malata, uyu feteleza, uyu fizi, mwini wake asanatsike n'komwe basi. Palibe amene amakumbutsa anzake kuti munthu wopanda mapepala nthawi zambiri salandira zimene lamulo linalemba, ndipo masamu ochotsera, amene akanathetsa chimwemwe chonsechi, sayitanidwa ku msonkhanowo.

Agogo a anyamatawa ankayenda ulendo womwewu pansi pa malamulo ena. Bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankangoliti Wenela ndipo pambuyo pake linasanduka TEBA, linkanyamula amuna, kuwagoneka m'makomboni ndi kuwadyetsa, ndipo gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire ku Malawi kontirakiti ikatha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyi, kufikira pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, zimene zinachititsa Dr. Hastings Kamuzu Banda kuimitsa ulendowu. Unayambiranso pang'ono mu 1977 n'kutheratu mu 1988. Dongosololi linali lankhanza, malipiro ake anali ochepa, ndipo ambiri anabwerako ndi mapapo owonongeka, komabe munthu ankafika kumudzi ndi njinga, galamafoni ndi mabulangete, chifukwa fodya wake ankayenda m'botolo lotseka limene ngakhale mwini wake sankaloledwa kutsegula panjira. Wopita payekha osadzera ku bungwe, amene ankatchedwa waselufu, ndiye ankanyamula fodya pachala, ndipo lero aliyense ndi waselufu.

Mphepo yoyamba imamupeza waselufu wamakono asanafike kumene akupita. Ambiri amayenda ndi transipota, munthu wodziwa njira amene amanyamula anthu ndi katundu pakati pa mayiko awiriwa, ndipo kawirikawiri ulendowo umakhala wangongole yodzabweza ntchito ikapezeka, kutanthauza kuti malipiro a miyezi yoyamba amakhala atadyedwa kale thukuta lake lisanatuluke. Pachipata cha Beitbridge mlendo amafunsidwa kuonetsa ndalama zotsimikizira kuti akatha kudzisamalira, ndipo amene alibe amabwerekedwa kamtolo ka marandi koti akaonetse pawindo n'kukabweza akangodutsa. Chiyambire mwambiwu sipanaonekepo chitsanzo china chomveka ngati chimenechi, cha ndalama imene munthu amaigwira, kuiwerenga pamaso pa boma, n'kuibweza isanafunde m'dzanja.

Akakhazikika amakumana ndi mwera, mphepo yozizira ya kumwera, imene ku Joni imagogoda pachitseko tsiku loyamba la mwezi uliwonse itavala nkhope ya mwini nyumba. Munthu amene kwawo wagona zaka zonse m'nyumba ya njerwa zoumba yekha osalipira tambala amaphunzira kuti kachipinda ka malata ndi matabwa kuseri kwa nyumba ya eni ku Diepsloot, ku Tembisa kapena ku Alexandra, kamene kumeneko amakatcha mkhukhu, kali ndi mtengo wake pamwezi, ndipo mtengowo sumva zoti bwana wachedwetsa malipiro. Pofuna kuchepetsa lendi, anyamata anayi kapena asanu amagawana chipinda chimodzi, matiresi awiri ndi mphika umodzi, mwadongosolo lakuti mlonda wa usiku azigona masana pamalo amene wosamalira maluwa wawasiya ofunda. Johannesburg ili pamalo okwera kuposa Dedza, mamita oposa 1,700, choncho chisanu cha mu Juni si chachilendo kwa mwana wa kumapiri. Chachilendo n'chakuti kumeneko kuotha moto kumagulidwa, kaya ndi parafini kaya ndi mayunitsi a magetsi olipiriratu, ndipo woyatsa hita osafunsa anzake amazengedwa mlandu woposa wa kuba ndiwo mumphika. M'chaka cha 2023, pamene magetsi ankazimitsidwa mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse m'dziko lonselo, wothawa mdima wa kwawo anapeza kuti mdimawo unamutsogolera, kungoti wa kumeneko unali ndi ulemu wolengezeratu ndandanda yake pafoni.

Chakudya nacho chimaphunzitsa kudzichepetsa. Ku Dedza bonongwe ndi chisoso zimamera zokha m'mizere, ndipo mlendo wodutsa pakhomo nthawi yokumba mbatata amapatsidwa zodzaza jumbo popanda wowerenga, pamene ku Joni mlimi yemweyo amaima pa shopu ya m'komboni akutembenuza kapulasitiki ka mbatata zisanu, akudabwa kuti zimene kwawo akanaponyera nkhumba pano zili ndi mtengo wolembedwa. Ufa umagulidwa, madzi ndi chimbudzi zimalowa mu lendi, ndipo minibasi yopita kuntchito, imene kumeneko amaitcha tekisi, imalanda gawo lake m'mawa ndi madzulo popanda kubwereketsa. Mwezi ukamapita kumapeto ndiwo zimatsika kuchoka pa ntchafu ya nkhuku kufika pa mitu ndi mapazi ake, ndipo tsiku limene mtima walakalaka kwawo munthu amagula usipa kapena mpunga wa Kilombero wobwera ndi transipota pa mtengo umene akanachita nawo manyazi kuutchula pamsika wa Chimbiya.

Mwera ukangodekha kumayamba mpoto, mphepo yochokera kumudzi, imene m'masiku a Wenela inkayenda milungu ingapo m'kalata yolembetsa kwa mwana wasukulu koma lero imafika pa WhatsApp m'kuphethira kwa diso. Uthenga wake uli ndi kalembedwe kokhazikika, chifukwa umayamba ndi moni wautali wakuti, "Achimwene, mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno tonse tili bwino," kenaka pang'onopang'ono n'kuonetsa kuti palibe amene ali bwino, popeza amayi akudandaula mwendo, feteleza wa makuponi sanafike, mwana wa achemwali wabwezedwa kusukulu, ndiponso pamudzi pagwa zovuta. Wolemba uthenga sapempha kanthu, amangomaliza ndi mawu akuti, "Timati mudziwe chabe, achimwene." Pa mwambo wa Achewa mwamuna ndi mwini mbumba, ndiko kuti woyang'anira alongo ake ndi ana awo, ndipo akakwatira amakhalanso mkamwini kumudzi kwa mkazi wake, kotero kuti mphepoyi imaomba kuchokera m'midzi iwiri nthawi imodzi. Njira zotumizira ndalama monga Mukuru ndi Mama Money, pamodzi ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, zafupikitsa mtunda moti ndalama yochoka ku Tembisa m'mawa imagula shuga ku Linthipe masana, zimene ndi zabwino ndithu, koma zapha chowiringula chakale chija chakuti wotumidwa sanapezeke.

Ndalama ikafika kumudzi imakhala isanafikebe pamphuno. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo a ku Joni anasekerera masiku angapo poona randi yawo ikubala makwacha ochuluka, kufikira pamene anamva mitengo yatsopano ya feteleza, simenti ndi malata. Ena amasankha kutumiza katundu m'malo mwa ndalama, amalipira transipota ndi msonkho wa pachipata, ndipo firiji ikafika m'mudzi umene mawaya a magetsi sanaudziwe imapatsidwa udindo wosunga mbale za alendo ndi makadi a kusikelo. Womanga nyumba ali kutali ndiye amaona zodabwitsa zenizeni, chifukwa amatumiza ya njerwa, ya mchenga ndi ya mmisiri kwa amalume, ndipo mwezi uliwonse amalandira chithunzi cha maziko omwewo atajambulidwa kuchokera kungodya ina, kusintha kwake kokha kukhala kutalika kwa udzu womera pakati pake.

Ilipo mphepo ina imene siseketsa, ndiyo kamvuluvulu wa mapepala ndi chidani. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo wopitirira masiku amenewa akhoza kuletsedwa kulowanso m'dzikolo mpaka zaka zisanu, kapena kugwidwa n'kusungidwa ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo pafupi ndi Krugersdorp. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo mu Epulo 2015 zitabukanso ku Durban, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ambiri mwa iwo akubwera ndi zovala za m'thupi zokha. Imfa nayo ili ndi mtengo wake, moti Amalawi a kumeneko amasonkherana m'magulu kuti thupi la mnzawo libwerere kwawo pa msewu womwe uja, ndipo chopereka chimenechi ndi chokhacho chimene palibe amachiwerengera kuti chatayika.

Chilungamo chimafuna kutchulanso mphepo imene wapaulendo amapemerera yekha. Munthu amene wagona ndi buledi ndi madzi a shuga Loweruka amadzuka Lamlungu, kuvala jekete ya mnzake, kutsamira galimoto imene anaitsuka Lachisanu, n'kuika chithunzi pa Facebook, ndipo chithunzicho chikafika kumudzi chimawerengedwa ngati umboni wakuti zopempha zonse zinali zochepa. Amene mphepo zonsezi zamulanda fodya, manyazi amamuletsa kubwerera chimanjamanja, amawonjezera chaka china, kenaka chinanso, mpaka amasanduka mtchona, munthu wokhalitsa kunja amene kwawo amangomutchula pogawa minda.

Zonsezi sizikutanthauza kuti palibe fodya wofika pamphuno. M'mbali mwa msewu wa M1 ndi m'midzi ya kwa Kasumbu, kwa Kaphuka ndi kwa Tambala muli nyumba za malata, magolosale, njinga zamoto za kabaza ndi ana ophunzira zimene gwero lake ndi thukuta la ku Joni, ndipo eni ake nthawi zambiri ndi aja amene anadzipangira Wenela wawowawo, polowa chipereganyu ndi anzawo, polipira malata mwachindunji kwa wogulitsa, ndi pophunzira kuyankha mauthenga ena ndi mapemphero okha. Komanso wotsalira kumudzi, amene amagulitsa thumba la mbatata kwa mavenda pa mtengo wosakwana kugula feteleza wa chaka chotsatira, ali ndi ufulu wofunsa kuti iye pachala pake pali chiyani choti mphepo imulande. N'chifukwa chake mu Disembala, mkulu wake akatsika basi pachipata cha Dedza ndi sutikesi yatsopano, foni yaikulu ndi Chichewa chosakaniza Chizulu, n'kugulira mudzi wonse zakumwa ndi ndalama zimene zinali za lendi ya Febuluwale, mng'ono wake amamvetsera mwaulemu machenjezo onse okhudza lendi, chisanu ndi apolisi, maso ali pa nsapato. Basi imene inabweretsa munthu mmodzi mu Disembala imabwerera ndi anthu awiri mu Januwale, ndipo wolipira ulendo wa wachiwiriyo amakhala yemwe uja ankamuchenjeza.