Ulemu kwa Mafuta a Pachiwaya

Anthu ophunzira akamawerenga zamakedzana za kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi amayambira pa Mvera, pomwe A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adayambitsa mishoni mu 1889 m'dziko la Inkosi Chiwere. Akachoka apo amakwera ku Kongwe, mishoni ya 1894, komwe dzina la Robert Blake lidakali moyo pa sukulu ya sekondale. Wofuna kuoneka wodziwa kwambiri amatchulanso nyumba ya atsamunda ya 1914 ya m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, imene lero mumagona alendo. Zonsezo n'zoona, ndipo chipewa ndavula. Koma pali chamakedzana china chimene akuluakuluwa amachilambalala, chimene sichidagwepo denga, sichidadyedwepo ndi chiswe, ndipo chimagwira ntchito ngakhale Lamulungu. Ndikunena mafuta a pachiwaya chathu cha pa Bowe.

Musaseke. Mafuta amenewa satayidwa. Akachepa, mwini chiwaya amangothira ena pamwamba, atsopanowo n'kugwada pamaso pa akale, n'kulandira mwambo. Ndiye kuti m'kati mwa dziwe lakudalo mudakali kadontho ka tsiku loyamba. Mkulu amene amatikazingira ife akuti chiwayacho adachilandira kwa atsibweni ake, monga mmene ufumu umayendera kwa ife Achewa, ndipo atsibweniwo adachiyamba m'masiku a mafuta ophikira a Covo. Kaya n'zoona kaya n'zokometsera malonda, fungo lokha limachitira umboni. M'menemo mudadutsa mbuzi zosawerengeka, nkhumba za m'makola onse a mbali ino, nthumbwana, chiwindi, mapapu, mazira, ndi kachewere wa nyengo zonse, wa chaka cha njala ndi wa chaka cha mwanaalirenji. Munthu ukagula tchipisi wa ndalama yochepa umalawa zonsezo pakamodzi. Ndi hotela iti ku Lilongwe ingakupatse nyama zisanu pa mtengo wa mbatata?

Anzanga a m'tauni akabwera kudzaona malo ndi pamene ndimaona ulemerero wa mafutawa. Amafika ndi galimoto yoyera mbee, magalasi akuda kumaso, botolo la madzi m'manja, akuti akufuna kuona mbiri ndi kudya zakwathu. Timapita nawo ku Kongwe, amajambula phiri, amajambula tchalitchi, amajambulana okhaokha. Nthawi ikalola timatsetserekera mpaka ku Nkhotakota kukaima pansi pa mtengo pomwe David Livingstone adakumana ndi Jumbe kukamba za malonda a akapolo. Pamenepo onse amakhala chete, manja kumbuyo, nkhope zachisoni monga kuyenera. Sipatenga nthawi, wina amanong'ona: "Kodi achimwene, chiwaya chija tikachipeza chisadazime?"

Tikafika, chiwaya chimakhala chili pa malo ake, pakati pa utsi, nkhuni zikuthetheka pansi. Pakati pake m'pokumbika, ndipo m'menemo ndimo mukhala Agogo athuwa, akuwira mwaulemu, osafulumira. M'mbali mwake nyama zandandalikana, zina zapsa, zina zikudikira, zina zidapsa dzulo koma zabweranso kudzaotha. Pakona pali kamulu ka mchere wosakaniza ndi kambuzi, komwe aliyense amagunditsapo nthuli yake, m'busa ndi chidakwa chimodzimodzi. Mwini chiwaya amakankha nthuli imodzi ndi chipande chake chachitali n'kunena kuti, "Lawani kaye bwana, kulawa n'kwaulere." Musanamizike ndi maso ake oyang'ana kumbaliwo. Munthu ameneyu sukulu sadapite nayo patali, koma angathe kuwerenga nthuli za anthu asanu ndi awiri odya nthawi imodzi, uku akuwaza nkhuni, uku akukangana za Bullets ndi Wanderers, osaphonya ndi imodzi yomwe.

Alamu anga ena, amene kwawo ku Area 47 amaphikira mafuta a m'botolo laling'ono lochokera kunja, adayang'anitsitsa m'dziwemo n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo, kodi mafutawa mudasintha liti?" Mkulu uja adaimitsa chipande, n'kuwayang'ana modabwa kwenikweni. "Kusintha, mayi? Alakwanji?" Alamu adasowa poyankha. Adapempha jumbo yachiwiri, yoti akadyere m'galimoto.

Adani a mafutawa alipo, ndipo si ochepa. Ena amafalitsa mphekesera yoti anthu a ziwaya amathiramo mafuta a m'thiransifoma kuti tchipisi aziuma bwino. Za kwina sindingaziyankhire, koma za pa Bowe ndikukana kwa mtu wa galu: zikadakhala zoona, bwenzi ena a ife tikuwala usiku magetsi akazima, ndipo bwenzi anthu akutchajira mafoni pa mimba ya neba wanga. A zachipatala nawo amati mafuta obwerezabwereza amawononga mtima ndi kukweza BP. Sindikutsutsa, anthuwo adaphunzira. Ndingoti mlendo aliyense amafuna kubwerera ndi kachikumbutso. Wopita kunyanja amagula ziboliboli zimene zimakangokhala fumbi pa shelefu. Wobwera pa Bowe amatenga chilungulira, chimene chimamuperekeza kudutsa pa Mponela, pa Lumbadzi, mpaka pa khomo pake, n'kumudzutsa pakati pa usiku kumukumbutsa za abale ake a kumudzi.

Poti ndatchula neba, ndimalize naye. Mkuluyu ali ndi mphuno yodabwitsa. Tsiku lonse saoneka, koma alendo anga akangoimika galimoto pafupi ndi chiwaya, uyo watulukira, manja awiri kutsogolo, moni wautali wofunsa ana, mvula ndi ulendo. Pofika pa "kaya inu anzathu", dzanja lake limakhala lafika kale pa mchere. Iye sagula. Akuti nyama ya pachiwaya imamudwalitsa, n'chifukwa chake amangolawa. Amalawa mbuzi, amalawa nkhumba kuti asiyanitse, amabwereranso ku mbuzi kuti atsimikize. Nthawi yolipira ikakwana amakumbukira mwadzidzidzi kuti ng'ombe zake zalowa m'dimba la eni.

Koma tinene zoona pang'ono, pakuti nthabwala nayo imatopa. Mafutawa sadakalambe chifukwa chokonda mbiri. Ife a m'mapiri muno ndife timalima soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Zikacha, mavenda amabwera ndi masikelo awo odziwa kuchotsera kokha, n'kutenga matumba pa mtengo wa chipongwe, pomwe mlimi ali kakasi ndi fizi ya mwana. Mbewu zomwezo zimapita m'tauni, n'kubwerako zili m'chigubu, zitavala dzina lachizungu, mtengo wake woti mlimi yemwe uja amagula pa kachubu kongokwana kudyera tsiku limodzi. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, zinthu m'magolosale n'kukwera usiku womwewo. Ndiye wina abwere adzauze munthu wa chiwaya kuti ataye malita asanu kudzala chifukwa ada? Ngakhale mayi wa m'nyumba mwanga amatsanulira otsala a mandasi m'kabotolo, n'kubisa kuseri kwa ndowa ya ufa.

Abwana oyendera zaukhondo amabwera ndithu, sitingawanamizire kuti sagwira ntchito. Amafika ndi kabuku, amayang'ana m'dziwemo, amapukusa mutu, amalemba. Amayang'ananso beseni losambira m'manja, limene madzi ake asambitsa msika wonse kuyambira mmawa, amapukusanso mutu. Akatero amaima kumbali kukambirana ndi mwini chiwaya motsitsa mawu, ndipo pochoka kabuku kamakhala kali m'khwapa chifukwa manja onse awiri anyamula umboni wotentha, wothira kabichi ndi tsabola, woti akauunike bwino ku ofesi. Wodula matikiti a msika naye saphonya tsiku. Chimbudzi chimene ndalamazo zidayenera kumanga ndicho chidakali m'mapulani, nachonso chatsala pang'ono kulowa m'gulu la zamakedzana.

Ndidaganizapo zolemba kalata yopempha kuti pachiwayapo akhomepo chikwangwani, ana a sukulu azibwera ndi makope kudzaphunzira. Anzanga adandiletsa, ndipo adanena zanzeru. Kalata yotere ikangofika, akuluakulu adzaitanitsa msonkhano wa masiku atatu pa Mponela, wina aliyense ndi alawansi yake, botolo la madzi ndi cholembera chaulere. Adzasankha komiti, komitiyo idzalemba ntchito katswiri wochokera kunja, ndipo katswiriyo, atadya ndalama zokwana kugula ziwaya za boma lonse la Dowa, mfundo yake yoyamba idzakhala yoti tisinthe mafuta.