Kotsala pa Mbatata Tikagoneke Pati?

Pakati pa milandu yonse imene yazengedwa m'banja lathu kuno kutsinde kwa phiri la Domwe, kuyambira ya malire a dimba kufikira ya mbuzi zodya nyemba za eni, palibe umene watha malovu ndi kuziziritsa nsima koposa uwu wakuti munthu akagulitsa mbatata yake ya kachewere, nalipira aganyu, nabweza ngongole ya feteleza, kotsalako akagoneke pati kuti kadzuke kataswana. Oweruza tilipo atatu: amalume anga, amene adaona Apwitikizi akulamula, ine mlembi wanu, amene ndidakulira m'kuthawa, ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wobadwa mfuti zitaleka kulira. Chuma tonse timachikonda ndi mtima umodzi, koma yense amatchinga khomo limene mbala idalowera pa unyamata wake, nasiya makomo ena onse pululu.

Amalume ndi Mngoni wa kwa Maseko, ndipo chiphunzitso chawo n'chachifupi, chakuti chuma chosalira m'khola si chuma. Pa unyamata wawo adayenda wapansi kukagwira ntchito m'mapulazi a ku Halale, ndipo pobwera adagula ng'ombe, zotsala nazisintha kukhala maeskudo, nazikwirira m'chitini pansi pa kama, monga kapolo uja wa m'fanizo amene ansembe a ku Lifidzi sadamuyamikirepo. Tsono pa 16 June 1980 wailesi idalengeza kuti eskudo yatha ndipo metikali yabadwa, anthu napatsidwa masiku ochepa akuti asinthe. Koma amalume, poopa kuonetsa akuluakulu a chipani kuchuluka kwa thukuta lawo, adayamba adikira kuti aone anzawo zikawathera bwanji, ndipo pofukula chitinicho adapeza kuti asunga mapepala opichirira chingambwe. Patapita zaka zowerengeka nkhondo idadza nisesa khola lonse, ife n'kuolokera ku Dedza ndi mphasa pamutu. Tsiku lina ndidawafunsa mwaulemu kuti, popeza ndalama ndi ng'ombe zidatayika chimodzimodzi, akakamiriranji ng'ombe. Iwo adati: "Mwana wa mlongo wanga, ng'ombe zanga adazitenga anthu amene ndidawaona ndi maso angawa, wina ndimamdziwa ndi kwawo komwe. Koma ndalama zanga idazipha wailesi, ndipo wailesi sungaitengere kubwalo."

Ife a msinkhu wanga, amene masamu tidaphunzirira pa mzere wolandirira ufa ndi nyemba m'misasa ya othawa nkhondo, timakhulupirira chuma chimene munthu angachisokerere m'thalauza pakati pa usiku nathawa nacho. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, tidabwerera kwathu ndi matumba awiri, lakumanzere la makwacha ndi lakumanja la mametikali, pakuti msika wa Lizulu ndi wa Ulongwe yonse ndi yathu. Ndipo ine ndidadziyesa wochenjera woposa amalume, poti ndalama ina ikadwala, inzake idzandiyamwitsa. Mu 2006 ndidali mwini mamiliyoni asanu, ndipo ndinkayenda monga ayendera eni mamiliyoni, kufikira pa 1 July pamene maziro atatu adadulidwa pa metikali, ine n'kutsala ndi zikwi zisanu. Ndipo ngakhale aphunzitsi adandilongosolera moleza mtima kuti mtengo wa sopo nawonso wadulidwa momwemo, ulemu umene ndinkalandira pamowa sudabwererenso. Mu 2016, ngongole zobisika zija zitaululika ndipo metikali itagwa kufikira pafupi 80 pa dola imodzi, ndidasamutsira mpamba wanga m'thumba lakumanzere, ndi kulalikira nzeru imeneyi kwa aliyense wondipatsa moni. Kwacha idandilemekeza zaka zingapo, kenaka idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndidavumbwa m'mapanga onse awiri, mosinthanasinthana ndi mwadongosolo lake.

Mphwanga sadaonepo ndalama ikufa, khola likusesedwa, ngakhale usiku wogona m'tchire, ndipo chuma chake chonse chili m'foni yosweka galasi. M-Pesa itafika m'dziko muno mu 2013 iye adali woyamba m'mudzi kuikhulupirira. Mu 2019, pamene masheya a Hidroeléctrica de Cahora Bassa adagulitsidwa kwa nzika pa mametikali atatu iliyonse, munthu n'kutha kugula pafoni osapondako ku Maputo, iye adadza nanjuta pamaso pa amalume, naomba m'manja, nati: "Agogo, ndagulako damu la ku Songo."

"Wachita bwino, mdzukulu wanga. Wagula mbali iti, yakumtunda kapena yakumunsi?"

"Sagawa choncho, agogo. Ndagula kagawo ka kampani, ndipo ikapindula amatigawira."

"Ndiye kuti chimaswa. Nanga ndowe zake tikatuta kuti, tikathire kudimba?"

Ine ndidaseka pamodzi ndi amalume, monga ayenera kuchitira munthu wa pakati, koma chilungamo chindikakamiza kunena kuti mnyamatayo adaika kobiri wake pa khoma lotsekereza Zambezi, limene magetsi ake ambiri amapita ku Joni monga ankapitira makolo athu, ndipo khoma limenelo n'lolimba koposa thalauza langa. Chondisautsa n'chakuti chala chomwecho chimene chidagula damu, usiku chimathamangitsa kandege ka juga, ndipo chidatumizapo ndalama kwa mlaliki wina wa pa WhatsApp amene adalonjeza kuziwirikiza pa sabata ziwiri, nakwatulidwa osatsazika. Amalume akadataya zotere akadagona mwezi osadya, ine ndikadadwala mutu waching'alang'ala; koma iye adangoti, "Zimachitika, amalume," nakwera njinga yake yamoto m'mamawa kukanyamula anthu a ku Ulongwe. Amataya ngati munthu wosakayika kuti mawa liliko. Ndimamdzudzula masana, ndi kumsirira usiku.

Chaka chino mbatata idachita bwino, ndipo atatufe tidakhala pakhonde masiku angapo kuti tigamule za kotsala kanga, amalume akuti thole, mphwanga akuti masheya, ine ndikuti theka uku theka uko, ndi kagawo kena ka randi poopa kudzidzimuka. Titagwirizana pomaliza pake kuti tiyambe taziwerenga, ndidalowa m'nyumba, ndipo ndidapeza thalauza lija litachapidwa, litasitidwa, litapindidwa bwino lomwe. Mayi a kunyumba adagwada pakhomo nati: "Bambo a ana, pamene inu mumazenga mlandu feteleza amakwera mtengo. Matumba anayi ali kuchipinda, zotsalazo ndidakaponya ku banki mkhonde."

Chotero masiku ano ndikafuna ya thiransipoti ndimapita pansi pa mtengo pamene amayi a bankiyo amasonkhana, chipewa chili m'manja, kukakongola ndalama zanga zomwe pa chiwongoladzanja, ndi kusaina m'kope. Wochedwa kubweza amalipira chindapusa, ndipo mphwanga, mwana wa mlongo wanga weniweni, ndiye amawatumizira mauthenga okumbutsa amangawa. Tsiku langa lobweza ndi Loweruka likudzali, ndipo msungichuma wa gululo ndi apongozi anga.