Chitamando cha Chikhakhali cha M'bokosi

Pakati pa antchito onse amene amatumikira m'masewero oseketsa a pa kanema, kuyambira kwa olemba mawu kufikira kwa onyamula nyali ndi osesa, alipo mmodzi amene ntchito yake imamveka m'khutu la aliyense, chinkana dzina lake silioneka pa mndandanda uja wa mayina umene umakwera pagalasi sewero likatha; ndipo popeza anthu ophunzira a masiku ano amuda kwambiri, namutcha wonyenga, wosokosa ndi wopanda mwambo, ndaona kuti nkoyenera kuti wina aimirire pabwalo ndi kumunenera, pakuti mlandu sugamulidwa mbali imodzi isanalankhule. Amene ndikunena ndi chikhakhali chija cha anthu osaoneka, chimene chimaphulika m'kanema munthu wa m'sewero akaterereka, akalowa m'chipinda cha eni ake, kapenanso akangotsegula chitseko ndi kuonetsa nkhope.

Asayese wina kuti chikhakhali chimenechi ndi mwana wapathengo wosadziwa mfunda wake, pakuti makolo ake adakhala m'nyumba za mafumu. Nero, mfumu ya Aroma, amene ankakonda kuimba pamaso pa anthu ngakhale kuti mawu ake adali osasa, adasunga anyamata oposa 5,000 amene ntchito yawo idali kumuombera m'manja mwaluso; ndipo m'nyumba za zisudzo za ku Paris, m'zaka za m'ma 1800, mudali aganyu okhala pakati pa oonerera, ena olipidwa kuti aseke, ena kuti alire, enanso kuti afuule kupempha kuti nyimbo ibwerezedwe. Koma onsewa adali anthu a thupi ndi mwazi, ofuna chakudya, odwala chimfine, okhoza kunyanyala malipiro akachedwa, kotero kuti dziko lidayenera kudikira kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene tepi yojambulira mawu idafika m'nyumba za wailesi za ku America, kuti lione mtumiki wosadya ndi wosadandaula. Amene ankajambula pulogalamu ya woimba Bing Crosby adasimba kuti tsiku lina mlendo woseketsa, Bob Burns, adanena nthabwala zolaula zimene sizikadatheka kuulutsidwa. Nthabwalazo adazidula nazitaya, koma phwete limene zidabala adalisunga, ndipo pambuyo pake adalimata kumapeto kwa nthabwala zina zaulemu zimene zidalephera kuseketsa munthu. Taonani kutembenuka mtima kotere, kuti kuseka kobadwira m'zolaula kukhale mboni ya mawu oyera!

Pa kanema chidayamba kumveka mu 1950, m'sewero lotchedwa The Hank McCune Show, limene lero likumbukidwa pa chifukwa chokhachi. Koma amene adachilera nachimangira nyumba ndi Charles Douglass, katswiri wa zamawu wa ku CBS, amene adaona kuti anthu enieni oitanidwa kudzaonerera sewero likamajambulidwa ngosadalirika, pakuti amaseka pamalo posayenera, amaseka motalika mpaka kumiza mawu otsatira, ndipo nthabwala ikabwerezedwa kachitatu chifukwa wina walakwitsa, amangokhala duu ngati ali pamaliro. Tsono iye adapanga bokosi lotalika kuposa mafiti awiri, lokhala ndi mabatani onga a makina otayipira ndi chopondera cha phazi chotalikitsira kapena kufupikitsa phokoso, ndipo m'kati mwake adaikamo matepi 32 ozungulira, iliyonse yokhala ndi mitundu khumi ya kuseka, zonse pamodzi 320: kuseka kwa mwamuna wonenepa, kwa mkazi wamanyazi, kwa munthu womva nthabwala mochedwa, kwa khamu lonse logwa chagada. Bokosilo lidali lotseka ndi loko, ndipo kunja kwa a pabanja pake padalibe wololedwa kusuzumiramo. Ankalikankha pa kangolo kuchoka nyumba ina ya mafilimu kupita ina, nakhala pansi pamaso pa eni sewero, naimba anthu ake monga woimba limba, ndipo kwa zaka zambiri pafupifupi kuseka konse kojambula kwa pa kanema wa ku America kunkatuluka pansi pa zala za banja limodzi. Mu 1992 adampatsa mphotho ya Emmy, ndipo adamwalira mu 2003 ali ndi zaka 93. Koma anthu a m'bokosi aja, amene adasenza katundu yense, palibe adawapatsa ngakhale chikho cha madzi.

Ukoma woyamba wa khamu limeneli ndi wakuti lilibe tsankho. Limasekera nthabwala yanzeru ndi yopusa mofanana, monga mvula igwera m'munda wa wolungama ndi wa wosalungama. Silifunsa ngati wolemba adagona tulo kapena adachezera usiku wonse. Silisunga mangawa, silichita nsanje, ndipo nthabwala imene lidaimva chaka chatha limailandira lero ngati mlendo wochokera kutali. Chikhulupiriro chake nacho nchozizwitsa, pakuti pamene The Flintstones idayamba mu 1960, ndi Scooby-Doo mu 1969, masewero a zithunzi zojambula pamanja amene sadachitikirepo pabwalo lililonse pansi pa thambo, khamulo lidapezekako ndithu, ndipo lidafa nalo phwete poona galu wa inki akuthawa mzukwa wa inki. Ndani mwa ife angaseke chotero zinthu zimene maso ake sadazione?

Koma ukoma wake waukulu ndi chifundo. Makolo athu adadziwa kuti nthano siyenda yokha, nchifukwa chake wosimba akati padangokhala, omvera amayankha kuti tilitonse, ndipo akaleka kuyankha wosimbayo amadziwa kuti ana agona, nayenso nkutseka pakamwa. Kanema adabwera ndi vuto lakuti wosimba ali ku London kapena ku Los Angeles, pamene womvera ali yekha m'kachipinda ka lendi, mbale ya nsima ili pamwendo. Ndipo popeza kali kokha nkanyama, ndipo munthu woseka yekha m'nyumba yotseka aneba amayamba kumunong'ona, Douglass adachita chanzeru potumiza nthano pamodzi ndi tilitonse wake womangiriratu, kuti womverayo asavutike ngakhale kutsegula pakamwa. Ndikunena zimene ndaziona: munthu amatha kuonera sewero la theka la ola nkhope ili gwa, osasuntha ngakhale mlomo, koma pozimitsa kanema nkunena kuti lero ndaseka. Ena adamsekera, iye nkupuma. Ndipo anzeru a pa University College London, motsogozedwa ndi Sophie Scott, adatsimikiza mu 2019 kuti nthabwala 40 zosankhidwa dala chifukwa cha kuzizira kwake zidaoneka zoseketsa koposa kwa omvera zitaphatikizidwa ndi kuseka kojambula. Adapezanso kuti kuseka kochokera pansi pa mtima kumaposa kochita kupanga, koma mfundo imeneyo ndiilumpha, monga achitira aliyense wonenera mbale wake pabwalo.

Ife a kuno, amene kanema wa dziko lathu adatifikira mochedwa mu 1999, ndipo tisanamuone tinkadalira matepi a vidiyo obwera m'masutikesi a apaulendo, tili ndi ngongole yapadera kwa khamu limeneli, pakuti lidatchinjiriza ulemu wa akuluakulu ambiri. Malume anga, amene adagwira ukalaliki zaka zambiri ndipo ankadziwika m'dera lonse kuti Chingerezi adachimwa, adali ndi tepi ya Mind Your Language, sewero la ku Britain la mu 1977 la mphunzitsi wophunzitsa alendo Chingerezi m'sukulu ya madzulo ku London, limene nthabwala zake zambiri zagona pa mawu amodzi omveka pawiri. Ankakhala pampando wawo wa ndalema, ife ana tili pamkeka, ndipo ndikukumbukira bwino nkhope yawo pamene wa m'sewero akulankhula: khosi lotambasuka, pakamwa potseguka pang'ono, dzanja lili m'mwamba kudikira, maso osaphethira. Khamu losaoneka likangophulika, dzanja lija linkagwera pabondo kuti phaa, iwo nkugwedeza mutu, misozi ili m'maso, nkumati, "Azungu awa, iyayi ndithu!" Tsiku lina mlongo wanga wamng'ono adafunsa kuti, "Malume, wanena chiyani?" Iwo adapukuta m'maso ndi kampango, namuyang'ana mwachisoni, nati, "Mwanawe, chimenechi nChingerezi chozama. Ukadzafika folomu folo udzamva." Ndani wina akadawaimira nkhoswe pa ola limenelo? Pa masewero onse a nthawi imeneyo, ndi Mr. Bean yekha, amene Rowan Atkinson adayamba kumusewera mu 1990, amene sadafune womasulira, pakuti munthu wolimbana ndi tulo m'tchalitchi, kapena wolowetsa mutu m'nkhukundembo ya Khirisimasi, amamveka m'chilankhulo chilichonse. Komabe ngakhale kumeneko khamulo lidabwera ndithu, osaitanidwa, kudzathandiza pa ntchito yotha kale.

Adani ake ngambiri, ndipo ena ngolemekezeka. Olemba M*A*S*H, sewero la madokotala a pa nkhondo ya ku Korea limene lidayenda kuyambira 1972 mpaka 1983, adalimbana ndi akuluakulu a CBS kuti chikhakhalicho chichotsedwe, ndipo chimene adapambana nchakuti chisalowe m'chipinda chochitira opaleshoni. Khamulo lidamvera modzichepetsa, linkaima pakhomo kudikira kuti odwala asokedwe, madokotala akatuluka nkuyambiranso ntchito, pamene a BBC adaulutsa sewero lomwelo atalipirikitsiratu. Kenaka mu 2001 kudabwera The Office, ndipo apa mpamene nkhanza za adani ake zidaonekera poyera. M'sewero limenelo muli bwana wa kampani yogulitsa mapepala m'tauni ya Slough, David Brent, amene amadziyesa woseketsa. Amanena nthabwala, nayang'ana uku ndi uku kudikira, ndipo chomwe chimamveka ndi kulira kwa telefoni patebulo la wina. Woonera amagwidwa manyazi a mwini wake, nafuna kubisa nkhope. Kodi chimenechi nchisangalatso, kapena chilango? Enanso achipongwe atenga zigawo za Friends, sewero limene linkajambulidwa pamaso pa anthu enieni, nachotsamo kuseka konse ndi kuziika pa YouTube, kotero kuti abwenzi asanu ndi mmodzi aja amaoneka akunena mawu, kenaka nkuima chilili kuyang'anizana ngati anthu osungirana chakukhosi. Akuti atero kuti ationetse maliseche a sewerolo. Koma wovula mnzake pagulu ndi womufunditsa nsalu, wabwino ndani?

Mlandu waukulu umene amaliimba ndi wakuti kuseka kwake nkwabodza. Apa ndingoti anyani sasekana zikundu. Aimirire munthu amene sadasekepo nthabwala ya apongozi ake asanaimve, kapena ya mwini nyumba pa tsiku limene lendi yachedwa, kapena ya mlendo wolemekezeka amene wafika pamsonkhano mochedwa ndi maola awiri nayamba ndi kankhani kamene adakanenanso chaka chatha pamalo omwewo. Anthu a m'bokosi aja tsiku lina adasekadi ndi mtima wonse, pa chinthu chimene chidawakomera, ndipo chimene chidasinthidwa ndi malo okha. Pamene ife timaseka ndi mano okha, mtima uli ku ngongole.

Ndivomera kuti alipo amene sadalifune khamuli. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, amene dziko lonse lidawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, ankaima pamaso pa anthu odzaza bwalo la French Cultural Centre ku Blantyre opanda batani lililonse lowapulumutsa, ndipo phwete limene ankalikolola lidali la anthu otuluka thukuta, oponda mapazi a anzawo, obwezera mawu kwa osewera, okhoza kungokhala chete ngati nthabwala yazizira. Koma taganizani kuopsa kwa ntchito yotero, kuti munthu adye pokhapokha ngati waseketsadi! Si onse adapatsidwa mphatso ya awiri aja, ndipo dziko lokoma mtima liyenera kuganizirako ana ake osaseketsa, amene ali ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi maudindo.

Nchifukwa chake zidandiwawa kumva kuti bokosi la Douglass lidapezeka pakati pa katundu wosiyidwa m'nyumba yosungiramo zinthu, ndipo litaonetsedwa mu 2010 pa pulogalamu ya Antiques Roadshow, odziwa mitengo ya zinthu zakale adati lingagulidwe madola 10,000, ndiko kuti madola 31 ndi timasenti pa chikhakhali chilichonse. Ndikadakhala nazo ndalamazo ndikadaligula, ndi kulibwereketsa ku maofesi, ku maukwati kumene woyendetsa mwambo wagwira maikolofoni kuyambira masana, ndi ku misonkhano yonse kumene akuluakulu amalankhula ang'onoang'ono ataimirira padzuwa. Kuti bwana akafika pa kankhani kake kaja, kalaliki mmodzi aponde chopondera, ife ena tipumitse masaya ndi kulingalira za mtengo wa chimanga. Ndingopempha chinthu chimodzi kwa a komiti, kuti kiyi wa loko uja asaperekedwe kwa bwana mwini, pakuti ndikumudziwa: adzadina mabatani onse nthawi imodzi asanamalize nkomwe kupereka moni.