Uthenga wa mafuta wodzera ku Belgium

Anyamata awiri a ku Chimwankhunda akupanga app yoti izitiuza nthawi yomweyo kumene kwafika mafuta. Ine, mbuli pa za makompyuta, ndikungowomba m'manja. Chawaimitsa mitu n'chimodzi: database aisunge kuti?

Wina akuti Firebase ya Google, poti uthenga ukangolowa, foni iliyonse yaulandira kale. Realtime Database yakeyo imakhala ku America, ku Belgium kapena ku Singapore. Ndiye kuti akasankha ku Belgium, thanki ikaima ku Limbe, nkhaniyo iyambe yakaona Ulaya, kenako ibwerere ku Zingwangwa, yopanda ndi visa yomwe. Firebase yaulere imalola anthu 100 pa nthawi imodzi. Pamzere wa mafuta, amenewo ndi aja anagona pomwepo basi. Mnzake akuti Supabase, yomangidwa pa PostgreSQL, poti ukatopa nayo umasamuka ndi katundu wako. Zonse ziwiri zikakula zimafuna madola, ndipo madolawo, ndamva, nawonso akudikira app yowasakira.

Mkanganowu unachitikira mumdima, magetsi atapita kokapuma, laputopu ikupumira m'mwamba. Ankalimbana za tizigawo ta sekondi, ndipo mfundo zawo zinali zakupsa ndithu. Ali mkati, wakabaza wina anaima panja n'kukuwira mnzake kuti petulo wafika ku Ginnery Corner. Bandulo sanagule, password sanafunse.

Tonse tinaliyatsa liwiro, opanga app ali patsogolo, aliyense atatseka pakamwa ndi foni yomwe kuti anansi asamve.