Chizungu chambiri, ndiwo palibe

Chibwerereni ku maphunziro a bizinesi omwe bungwe lina linatichititsa ku Mangochi, pakamwa panga pakulemera kuposa m'thumba. Kaokala kanga ka ku Ndirande n'komwe kaja: sopo, machesi, shuga wa m'timapepala ndi mafuta oyeza. Koma mwini wake tsopano ndi "entrepreneur". Makasitomala ndi ma "stakeholder". Ngongole zomwe anthu akukana kundibwezera ndimazitcha ma "challenge", ndipo zikatchulidwa choncho sizipweteka kwambiri.

Tsiku lina mayi akunyumba anandifunsa ya ndiwo. Ndinayamba ndakhosomola, n'kuwauza kuti pakadali pano pali "cash flow issue", koma "going forward" tikhala pansi tione "way forward". Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo, ndalama ilipo kapena palibe?"

Ndinati palibe.

"Mukanangotero poyamba paja, bwenzi pano nditathyola kale chisoso."

Musandiseke ndekha. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akuluakulu a ku Reserve Bank anati imeneyo ndi "realignment". Ine ndinkayesa ndi zija amachita amakaniko minibasi ikamakokera kumbali. Tanthauzo lake ndinakalimvera ku Limbe kopikula, pomwe katundu yemwe ndinkabwera naye pa wilibala ndinabwera naye m'jumbo, dzanja linalo likungoyenda lokha.

Mawu amenewa timawakonda chifukwa munthu sangakugwire nawo. "Way forward" ilibe tsiku, ilibe mtengo, ndipo sinena amene atsogole. Bwana akati "restructuring", inu yambani kumanga katundu, koma mukadzamufunsa adzati sananenepo zochotsa munthu ntchito. Msonkhano umatha anthu atamwa tiyi kawiri, atawomba m'manja, atasainira alawansi, koma osadziwa kuti mawa achita chiyani ndipo achite ndani.

Mwezi uno ndinati ndiyese kulankhula zomveka. Alandilodi atagogoda, lilime linayamba kale kupindikira ku "engagement", koma ndinalibweza. Ndinati: "Bambo, lero ndilibe. Ndikupatsani Lachisanu, yonse." Anamwetulira, n'kundigwira chanza, n'kulemba m'kabuku kawo.

Tsoka lake, Lachisanu limafika. "Going forward" ndinakhala nayo miyezi osamva kugogoda kwa munthu, koma ili lili pakhomo. Ndiye owerenga, ngati alipo wina ali ndi kangachepe kongokhala, andipeze pa okala Lachinayi dzuwa lisanalowe.