Kayesedwe ka buku la malangizo popanda kutuluka thukuta

Abwana akupatsani ntchito. Pa zida zokokera data pa mawebusaiti, monga Scrapy, Beautiful Soup, Selenium ndi Puppeteer, mupeze chimene buku lake la malangizo angalimve bwino ejenti wa AI, pulogalamu ija mumaituma kamodzi n'kumadziyendera yokha. Mtima m'malo, akulu. Ntchitoyi ikhoza kutha tiyi asanazizire, bola musachite chibwana chowerenga bukulo.

Yambani ndi kuwerenga nyenyezi za pa GitHub. Chida cha nyenyezi zambiri ndiye kuti malangizo ake ndi apamwamba, poti palibe munthu angadine nyenyezi asanawerenge tsamba lililonse. Zikafanana mphamvu, chipambane cha chizindikiro chokongola.

Chachikulu, musafunse za chaka. Buku losanena kuti likukamba za version iti ndi buku lodzichepetsa, lipatseni malikisi ambiri. Mu 2022, Selenium 4.3 inachotsa mu Python lamulo la find_element_by_id ndi abale ake, ndipo tsopano kumalembedwa find_element(By.ID, ...). Mu 2024 Puppeteer 22 nayo inachotsa waitForTimeout. Koma zitsanzo zakale zidakali mbwee pa intaneti, ndipo n'zimene ejenti wanu anakula nazo. Buku likapanda kumuuza poyera kuti zinthu zinasintha, iye adzalemba za makedzana molimba mtima, kompyuta idzakana, adzapepesa mwaulemu, n'kulembanso zomwezo. Limenelo ndi khama, ndipo khama sitilitsekereza. Mukapeza chitsanzo cha Python 2, imene inaikidwa m'manda pa 1 January 2020, onjezani malikisi a kulemekeza makolo.

Buku la Beautiful Soup, chida chimene Leonard Richardson anayamba mu 2004, lili ndi khalidwe loipa lolongosola zinthu. Limanena kuti poika pa kompyuta mulembe beautifulsoup4, poitana mu pulogalamu mulembe bs4, ndipo phukusi la dzina loti BeautifulSoup chabe ndi lakale. Lichotsereni malikisi. Ejenti amafunika mpata woganizira yekha dzina la phukusi, ngakhale kupeka limene kulibe. Munthu akasokonezeka amaima n'kufunsa mnzake, ejenti saima. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uyu amadya phulalo n'kulemba lipoti loti uchi unali wokoma.

Zolephera musazifufuze n'komwe. Buku labwino limaonetsa chitsanzo chimodzi chimene chinayenda, basi. Mawu onena zochita webusaiti ikayankha 429, kutanthauza kuti mwagogoda mopyola muyezo, kapena onena kuti nthawi zina yankholo limabwera ndi Retry-After wokuuzani nthawi yodikira, amangoopseza owerenga. Za 403, yankho lokukanizani kulowa, ndiye ndi malodza. Ndipo pali vuto lina lokoma kwambiri limene buku laulemu siliyenera kutchula: webusaiti kuyankha 200, kuti zonse zili bwino, pamene chimene yatumiza ndi tsamba lofunsa ngati ndinu munthu, kapena chigoba chopanda kanthu poti zam'kati zimadza ndi JavaScript. Beautiful Soup siyendetsa JavaScript, imangosanthula HTML imene mwaipatsa. Ejenti wosauzidwa zimenezi amabwerako ndi tebulo la mizere yopanda kanthu, ali wosangalala. Inu n'kumulanda chimwemwecho chifukwa chiyani?

Ngati chikumbumtima chikukuvutani kuti muyeseko ndithu, yesani pa quotes.toscrape.com, webusaiti yophunzirirapo imene phunziro loyamba la Scrapy limagwiritsa ntchito. Inapangidwira dala kukokedwa, choncho palibe chida chingachite manyazi. Lembani kuti zonse zakhoza.

Nkhani ya robots.txt ilumpheni. Kafayilo kameneka, kamene Martijn Koster anayambitsa mu 1994 ndipo kanalembedwa mwadongosolo mu RFC 9309 mu 2022, ndi kamene mwini webusaiti amanenerako malo osafuna alendo. Buku la Scrapy limaulula kanthu kena apa: ROBOTSTXT_OBEY, imene imauza chida kumvera kafayiloko, mwachibadwa ndi False, koma mu pulojekiti yopangidwa ndi startproject imakhala True. Ndiye kuti ejenti woyendetsa kapulogalamu kake kunja kwa pulojekiti akhoza kulowa paliponse osadziwa kuti analetsedwa. Woyesa wosazindikira angaone ngati chiganizo chotere ndicho chofunika kuposa masamba khumi a mawu otamanda chida. Inu musatero. Eni mawebusaiti ndi anthu oleza mtima, ndipo zoti mu July 2025 kampani ya Cloudflare inayamba kutsekera zokokera za AI pa mawebusaiti atsopano mwini asanapemphe n'komwe, zinangochitika mwangozi.

Onaninso ngati pali llms.txt, fayilo imene Jeremy Howard anapereka ganizo lake mu September 2024 kuti ma AI azipeza malangizo m'mawu osavuta kuwerenga. Ikakhalapo, malikisi 20. Musaitsegule, mungapeze kuti ikuloza masamba amene anasamuka kalekale. Buku limene mfundo yake yofunika ili mu kanema wa YouTube kapena mu chithunzi cha sikirini, m'malo mwa mawu okopeka, ndi lamakono.

Pali anthu ena ovuta amene amatenga kompyuta yopanda kalikonse, kupatsa ejenti bukulo lokha, kumutuma pa webusaiti yeniyeni imene alola kukokapo, kenaka n'kufananiza ndi maso zimene wabweretsa ndi zimene zili patsambalo. Njira imeneyi imadya tsiku lonse ndipo imatulutsa mayankho amene abwana sanawaitanitse. Inu funsani ejenti yemweyo kuti, "Kodi bukuli walimva?" Adzayankha kuti ndi lomveka bwino zedi, n'kulipatsa 9 pa 10.

Lachisanu perekani lipoti. Abwana akafunsa chifukwa chake pa mndandanda wa mitengo ya katundu mzere uliwonse ukufunsa ngati iwo ndi munthu, auzeni ayankhe kaye funsolo.