Madiba wa m'chitini cha khofi

Pali mwambo wina umene wamera mizu pakati pa abale athu ogwira ntchito m'mayadi ndi m'makhitchini a ku Constantia, ndipo aliyense angauone ataima pafupi ndi thilo m'sitolo za pa Constantia Village Loweruka masana. Munthu akalandira chenji saponyanso m'thumba ngati kale. Amayamba waima kaye, mzere wonse n'kumudikira, iye akutembenuza R5 iliyonse ngati sing'anga woombeza ula. Akapeza nyumbu kapena namgumi, nkhope imagwa, ndalamayo n'kupita kukalipira takisi ya ku Wynberg. Koma akaona mutu wa Madiba, Nelson Mandela, amatsokomola pang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuikulunga m'katishu mwaulemu umene sapereka ngakhale kwa apongozi. Madzulo ikafika ku Westlake kapena ku Imizamo Yethu imakalowa m'chitini cha Ricoffy, pansi pa bedi, momwe muli anzake makumi anayi amene akudikira tsiku la chipulumutso. Mukamufunsa amayankha monong'ona kuti, "Achimwene, musauze munthu, iyi ndi nyumba ya malata ku Nkhata Bay." Ine ndikuti m'chitinimo muli R205 basi. Masamu abale athuwa amawadziwa bwino. Chimene sanauzidwe n'chakuti malonda a ndalama zakale anapangidwira munthu amene ndalamayo alibe nayo ntchito.

Tiyambe ndi Madibayo. Ndalama ya R5 yokumbukira kuti Mandela wakwanitsa zaka 90 inatuluka mu 2008, ndipo anasindikiza zoposa mamiliyoni 20. Inalipo ina ya mu 2000, n'kubweranso ina mu 2018 pokumbukira zaka 100 chibadwire chake. South African Reserve Bank yanena kangapo kuti ndalama zimenezi ndi zogulira zinthu monga zina zonse, mtengo wake R5, ndipo banki sidzaziombola ndi mtengo wina. Chinthu chimene chili m'manja mwa anthu mamiliyoni sichingatchedwe chosowa, ngakhale aliyense atachibisa pansi pa matiresi. Kubisako ndiye kukuwonjezera vuto. Ndalama imasowa anthu akaigwiritsa ntchito mpaka kuperepeseka, kutayika, kusungunulidwa. Koma Madiba uyu dziko lonse linagwirizana kumusunga, mzungu m'sefa, ife m'chitini, motero palibe ndalama ina mu South Africa imene yatetezedwa ku kusowa ngati iyeyu. Pamene akugona pansi pa bedi, mitengo m'sitolo ikuyenda. Mu 2008 R5 inkayandikira mtengo wa buledi. Lero sifika ndi theka lomwe.

Wina anena kuti, nanga zimene timaona pa Facebook ndi pa Bob Shop, pomwe R5 yomweyi ikulembedwa R30,000? Zoona, ikulembedwa. Inunso mutha kuika njinga yanu yopanda mabuleki pa mtengo wa Land Cruiser, intaneti sikukanizani. Mtengo wolemba wogulitsa ndi pemphero chabe, ndipo chofunika kufunsa n'chakuti ndani anatulutsa chikwama. Ndalama za Mandela zimene zinagulidwapo pamtengo wooneka ndi zija zimene sizinakhudzidwepo ndi chala cha munthu, zimene zinatumizidwa ku makampani oyesa ndalama monga NGC kapena PCGS a ku America, kapena SANGS ya konkuno, n'kupatsidwa malikisi pa sikelo yoyambira 1 kulekeza 70, kenako n'kutsekeredwa m'kapulasitiki. Pa sikelo imeneyo kusiyana kwa 65 ndi 68 ndi timikwingwirima timene diso silingaone popanda galasi, koma pamtengo ndi kusiyana kwa nsima ya masana ndi lendi ya mwezi. Tsono ganizirani ulendo umene yayenda R5 ya chenji: yachoka m'thilo, yalowa m'thumba limodzi ndi makiyi, yadutsa m'manja mwa kondakitala, yagwa pansi pa renki, yagona m'mbale ya chopereka. Ikafika kwa inu imakhala yaona dziko kuposa mtchona. Kuyesetsa nakonso n'kolipira, ndipo kawirikawiri malipirowo amaposa mtengo wa ndalama yoyesedwayo, ndiye kuti mwagulira nkhuku ya chitopa khola la njerwa.

Apa mpamene pamalowa tsoka lomvetsa chisoni ndi kuseketsa nthawi imodzi. Mmalawi wa ku Constantia amatchuka ndi ukhondo. Madona amauzana pa magulu awo a WhatsApp kuti mukafuna munthu wopukuta ziwiya mpaka kudziona nkhope, pezani Mmalawi. Munthu wotereyu akaona Madiba wake wathimbirira, mtima sumulola. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amakhala pakhomo, kansalu m'dzanja, Brasso pambali, ena mpaka mandimu ndi phulusa monga tinkachitira ndi mapoto kumudzi, n'kupukuta mpaka ndalamayo kuwala ngati mendulo ya msilikali wa KAR. Sadziwa kuti kwa akatswiri a ndalama zakale kupukuta ndi tchimo losakhululukidwa. Dzimbiri limene iye akulichotsa, iwo amalitcha ulemerero wa ukalamba ndipo amalilipira. Ndalama yopukutidwa amaiyang'ana kamodzi n'kuikankhira kumbali. M'nyumba yonse ya bwana, momwe iye amalipidwa kuti chilichonse chiwale, chinthu chimodzi chokha chimene chikanafuna ulesi wake ndi chomwe wachigwirira ntchito mwakhama, mwaulere, pa tsiku lopuma.

Sindikukana kuti pali ndalama zimene zinalemeretsa anthu. Yotchuka kwambiri kuno ndi paundi yagolide ya dziko la Paul Kruger yotchedwa Single 9. Mu 1899, nkhondo ya Mabuno ndi Angelezi itangoyamba, zidindo za chaka chatsopano sizinafike ku Pretoria, ndiye anatenga ndalama ya 1898 n'kudindapo 9. Nambalayo inakula kwambiri mpaka kukhudza chithunzi cha Kruger, choncho anasiyira pa imodzi yomweyo, zotsatira 130 n'kuzidinda 99 yaing'ono. Imodziyo inapatsidwa kwa kazembe wa America, pambuyo pake inakafika m'manja mwa Mfumu Farouk ya ku Egypt, ndipo mu Januwale 2025 inagulidwa pa okushoni ya Heritage pa madola oposa mamiliyoni awiri. Nkhaniyi imakambidwa pofuna kutilimbitsa mtima, koma taonani mndandanda wa eni ake: kazembe, mfumu, anthu olemera. Palibe pamene inadutsa pa shopu ya Msomali ngati chenji cha palafini. N'chimodzimodzi Veld Pond ya 1902, imene Mabuno anasula kuthengo ku Pilgrim's Rest zosakwana chikwi chimodzi. Zinthu zotere zimayenda kuchoka m'sefa kupita m'sefa, ndipo zikasowa mwini wake amaitana apolisi, amene amayamba kufunsa wa m'dimba.

Bwana wa ku Constantia nayenso ali ndi matenda omwewa, kungoti iye amadwalira m'chipatala chabwino. Chigwa chimenechi chinazolowera kusandutsa kudikira kukhala ndalama kuyambira 1685, pamene Simon van der Stel anakhazikitsa munda wa mphesa umene lero ndi Groot Constantia. Vinyo amaikidwa m'chipinda chozizira zaka khumi, mtengo n'kukwera. Munthu amene anathyola mphesazo sangadikire ngakhale Lachisanu. Bwana akatha kudya ndi alendo amatulutsa kabokosi, kuvala magolovesi oyera ngati wonyamula maliro a mfumu, n'kuonetsa ma Krugerrand ake, ndalama yagolide imene inayamba kusulidwa mu 1967. Alendo amati "aaa", ngakhale onse ali ndi zofanana kunyumba. Iyenso amanamizidwa, amagula mamendulo okongola pamtengo woposa golide wake, ndipo tsiku logulitsa amauzidwa kuti msika wazizira. Kusiyana kwake n'kwakuti iye msika ukazizira amabweza kabokosi m'sefa n'kupita kukasewera gofu. Wa chitini uja msika wake umazizira pa 28, landilodi ataima pakhomo, kumudzi atumiza uthenga woti feteleza wakwera ndipo Mukuru ikudikira. Pamenepo Madiba makumi anayi amatuluka m'katishu mmodzimmodzi n'kukagula magetsi pa mtengo umene Reserve Bank inanena kale.

Ena amati, chabwino, siyani za chenji, yambani pang'ono ndi golide weniweni. Malangizowa ndi abwino kwa munthu amene "pang'ono" wake ndi wonenepa. Mu 2025 Krugerrand imodzi inapitirira R50,000, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali R28.79 pa ola. Ndiye kuti maola oposa 1,700 akutchetcha kapinga, osadya, osakwera takisi, osadwala. Zilipo zing'onozing'ono, komanso zasiliva zimene zinayamba mu 2017, koma lamulo la msika ndi lomwe lija la kuokala: wogula shuga wa pa supuni amalipira kuposa wogula paketi. Wogulitsa amadyapo pokugulitsani, amadyaponso pokugulani, ndipo phindu lanu limayamba pokhapokha golide atakwera kupitirira milomo iwiriyo.

Amene amapezadi phindu ndi mthumba lochepa alipo, ndipo ndi amene anazindikira msanga kuti malonda ali mwa anthu osunga ndalamazo. Ndi mnyamata uja wa jekete lonyezimira amene amazungulira pa renki ya Wynberg, foni m'manja, kuonetsa zithunzi za "bwana wina wa ku Dubai" amene akufuna Madiba zana limodzi mwamsanga, bola mulipiretu R300 ya kalembera. Kumudzi tinamuonapo kale. Ndi yemwe uja ankafunafuna makobiri oboola pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi simbi zamakala zokhala ndi tambala pamwamba, agogo n'kugwetsa nkhokwe pofunafuna chuma cha Ajeremani. Wangosintha jekete ndi dziko. Amakuitanani "bigi", amakugwirani chanza ndi manja awiri, amakufunsani za odwala kunyumba. Mukamupatsa R300 ija amaiwerenga kawiri, ndipo mukamuonjezera ka R5 ka Madiba kuti adziwe kuti katundu alipodi, amakalandira mwaulemu, kuwoloka msewu, n'kugulira fodya.